Chotupitsa cha Eufemia

"Chitayeni basi, bambo," anatero Claudia, mwana wa Joao wophunzira sayansi, buledi atakananso kutupa. "Ndikuona ngati majini a yisitiyu, zija zotengera kumtundu, ali bwinobwino, koma puloteni ina yapindika molakwika. Ikupinditsa zinzake, ndiye yisiti aliyense wobadwamo akutengera."

Joao anafumbatira botolo la chotupitsa buledicho. Chotupitsachi ankachidyetsa ufa ndi mkazi wake Eufemia mpaka tsiku lomwalira. Kuchitaya kukanakhala kumuika m'manda kachiwiri.

Anapalasa njinga mpaka ku Mulanje Mission, kwa mng'ono wa malemuyo, amene anagawiridwako chisanawonongeke.

"Alamu, ndithandizeni supuni imodzi yokha. Changa chikufa."

"Tengani botolo lonse, alamu," anayankha mayiyo. "Chakale chija chinandiumira. Ichi anandipungulira ndi Claudia m'botolo lanu mwezi watha. Koma buledi wake, ee, ngati mwala!"