Chithunzi Chopanda Zilembo

"Ndi ichi, bambo," anatero Elihu Trask, akuloza chithunzi chachikulu pachionetsero cha ku Boston m'chaka cha 1895.

A Pennock anavala magalasi. Anali atanenetsa kuti mwana wawo Lavinia sangakwatiwe ndi mlembi wa mabuku wosadziwika, choncho Elihu anawabweretsa kuti adzaone dzina lake pachithunzi chotsatsa buku lake. Pachithunzipo mtsikana wa chipewa chofiira analipo ndithu, akuwerenga m'sitima monga wojambula anamujambulira. Koma m'munsi, pamene pamakhala dzina, panali poyera.

"Kapena dzinalo analilemba kumbuyo?" anafunsa a Pennock.

Mwini chithunzicho, mayi Ashcroft, anasendera pafupi akumwetulira. "Chimenechi n'chosowa, bambo. Ife osonkhanitsa zithunzi timafuna zimene zasindikizidwa asanaikepo mawu. Zilembo zimangodetsa."

"Nanga bukulo munaliwerenga?" Elihu anafunsa chapansipansi.

"Buku? Wogulitsa anandikakamiza limodzi, koma ndinalisiya m'sitolo momwemo. Amawerenga zimenezo ndani, achimwene? Ngakhale wolembayo sindikumudziwa."

Elihu anaweramitsa mutu. Anangoyang'ana nsapato zake zimene anazipukuta mwakhama m'mawa, kudikira kuti a Pennock amuulule. Koma iwo maso anali pachithunzi, akugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Koma wojambula ameneyu ali ndi dzanja laluso," anatero. "Anthu amamudziwa?"

"Mzinda wonse, bambo," anayankha mayi Ashcroft.

A Pennock anavula magalasi, nawapukuta, osacheukira Elihu n'komwe.

"Pepani mayi, wojambulayu ndi wokwatira?"