Kompyuta ya Malemu

Rute anadina batani la kompyuta yachisanu ndi chimodzi. Tha! Buleka, kaswitchi kakuda ka m'bokosi la pakhoma, inagwa, ndipo makompyuta onse anazima nthawi imodzi. Alimi atatu amene anabwera kudzalembetsa makalata a kalabu yawo ya fodya anayang'anizana, nadzuka, natuluka osatsazika.

Shopu yolemba ndi kusindikiza makalata imeneyi, ya pamsika wa Nsaru, inali ya mwamuna wake, malemu Ambrose. Makompyuta asanu ankayaka popanda vuto. Yachisanu ndi chimodziyo Ambrose anaigula ku Lilongwe kwa munthu amene anaigwiritsapo kale ntchito, koma malungo anamutenga asanaiyatse n'komwe. Rute akaiyatsa payokha, inkayaka bwinobwino. Akangoiphatikiza ndi zinazo, mdima.

Akanatha kungoisiya, koma mbiri inali itafika kale kumudzi.

"Alamu, munthu akapita ndi mtima woyera savuta chonchi," anatero a Mose, mng'ono wake wa malemu. "Achimwene sakufuna dzanja lanu pa katundu wawo. Kompyutayo ikakananso Loweruka, tikusudzulani mubwerere kwanu ku Thyolo. Shopu itsala."

Ku Thyoloko Rute anachokako ali ndi zaka zinayi, makolo ake akubwera kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Analibeko munda, analibeko nyumba, ngakhale munthu womuzindikira nkhope. Masana kukakhala zii, ankayang'ana galasi lakuda la kompyuta ija. Ankaonamo nkhope yake, ndipo kumbuyo kwake mpando wa malemu uli pululu.

"Abambo a Wongani, ndakulakwirani chiyani?" ankanong'oneza ngati akulankhula ndi mwamuna wakeyo.

Loweruka m'mawa a Mose anafika ndi sing'anga wa cha ku Kabudula, anthu a pamsika ali nawo pambuyo. Sing'angayo ananunkhiza makoma, nagwedeza nsupa yake, nazungulira kuseri. Kumeneko anaima, nakhazika chala pa waya wobiriwira amene ankachokera m'khoma n'kulowa m'nthaka.

"Kumbani apa."

Khasu linatulutsa dothi lofiira, kenako makala. Pansi pa makalawo panali zibuma zotuwa. Sing'anga analawa, nalavula.

"Mchere!"

Azimayi anabwerera m'mbuyo, manja ali pakamwa. Makala ndi mchere, pamalo pamene palibe anaphikapo! Pakati pa zonsezo panaima chitsulo cha mkuwa, chachitali ngati munsi, chokhomeredwa chilili. Amuna atatu anatuluka thukuta kuti achizule.

"Si mzimu wa malemu ayi," analengeza sing'anga podula waya uja. "Mayiwa alibe mlandu. Wansanje ndiye anatchera chitsulochi kuti chiziyamwa moto wa m'nyumbamu, malonda afe. Kayatseni tione."

Rute analowa m'shopumo. Anayatsa yoyamba, yachiwiri, mpaka yachisanu. Pa yachisanu ndi chimodzi anatseka maso, nadina. Anadikira phokoso lija, koma silinamveke. Magalasi onse asanu ndi limodzi anali ngwee, buleka ili chete pakhoma.

Panja panamveka nthungululu. A Mose anavula chipewa, nayang'ana pansi.

"Alamu, tinakuganizirani zoipa. Tikhululukireni. Shopu ndi yanu, palibe adzakuchotsani pano."

Rute analira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. Mwamuna wake sanamukane! Anthu atatuluka kukapenyetsetsa chitsulo chija, iye anatunga madzi mu ndowa kuti atsuke matope ndi tsoka lonse limene linalowa m'nyumbamo. Anavula nsapato, nakolopa simenti yonse akuimba chapansipansi nyimbo ya kwaya. Kenako anaviika kansalu, nati ayambe kupukuta kompyuta imene anaiopa masabata atatu.

Pamsewu panaima njinga yamoto. Anali Chrispin, wokonza magetsi wa ku Msundwe, akudutsa popita ku ntchito ina.

"Mayo ine! Wazula ichi ndani?" mawu ake analowera pazenera. "Ndinachikhomera ndine, malemu akundithirira mcherewo! Kompyuta iliyonse imadontha magetsi pang'ono, chitsulochi n'chimene chimawatsitsira pansi, ndipo akachuluka buleka imagwa kuti asaphe munthu. Panopa akhala m'zitsulo za makompyuta mommo, akudikira dzanja. Zimitsani, anthu inu!"

Rute anamva mawu onsewo ali chiimire pasimenti yonyowa, mapazi ali pambalambanda, kansalu kodontha madzi katagwira kale chitsulo cha kompyuta ya malemu.