Sizasi ya Amai Sarah

“Mayo ine! Mukuchidula?” Ezelina anakuwa ataona Sarah, mlendo wa mpingo wawo wa Menonaiti wochokela ku Canada, akulowetsa sizasi pa chitenje chatsopano chimene iye anamugulila kumsika wa Petauke.

“Kwathu timadula tizidutswa, kenako n’kusoka pamodzi kukhala chofunda,” Sarah anayankha akumwetulila.

Ezelina anagwila pakamwa. Iye anakulila m’zigamba kukampu ya othawa nkhondo, ndiye wina achite kukwela ndege kudzapanga zigamba dala! Pa mapemphelo a amai anaimilila n’kupempha Ambuye kuti achilitse mnzawoyo matenda odula nsalu zabwinobwino. Sarah ndiye anavomela “Ameni” mokweza kuposa onse.

Chofunda chitatha, Sarah anapatsa Ezelina. Ezelina atapita nacho kumsonkhano wa mpingo ku Nyimba, amai onse anachiunjilila, uku akuchisisita, uku akufunsa kumene anachipeza.

Atabwelako, sizasi ya Sarah inasowa. Sarah anakaipeza kwa Ezelina, amene zitenje zake za pa Sabata zinali tizidutswa pamphasa.

“Amai Ezelina, nanga izi?”

“Musandiyang’ane choncho, khalani pansi mundithandize,” Ezelina anatelo osadzutsa mutu. “Matenda anu aja ndi opatsilana.”