Chitaliyana cha a Raphaeli

"Arrivati," anatero Dominiko, akugogoda tebulo ndi supuni. "Lilime linjenjemere, madala. Arrivati."

"Alivati," anayankha a Raphaeli.

Mzunguyo anaseka mpaka kutsokomola. A Raphaeli sanaseke. Anali pampando wapulasitiki pakhonde la nyumba ya Dominiko paphiri la Baobab, chipewa chili pabondo, nsapato zili bii ndi fumbi la malasha la mumsewu wochokera kwawo ku Ingagula. Zaka zonse zimene anagwira ntchito mu wekishopu ya pamgodi, Dominiko ndiye anali folomani wawo, ndipo sanawapatsepo mpando. Ankawakalipira m'Chilapalapa, chilankhulo cha pamgodi chokhala ndi mawu ambiri olamulira koma chopanda opepesera. Tsopano onse awiri anali nkhalamba zopuma pantchito, ndipo m'Hwange monse a Raphaeli sankadziwa Mtaliyana wina woti n'kumupempha.

Tsiku loyamba sanachulutse mawu. "Mdzukulu wanga akubwera kuchokera kwanu. Chichewa sadziwa, Chindebele sadziwa, Chingerezi sadziwa. Ndikufuna kuti ndikamulankhula andimve."

Dominiko sanafunse zambiri. Sanazolowere kufunsa za kukomboni. Anangokondwa kuti wapeza womvera nkhani zake, pakuti ana ake anachoka kalekale ndipo foni ya m'nyumbamo inali itaiwala kulira.

Zilembo za a, e, i, o, u sizinavute, poti Ataliyana amazitchula ngati Achewa. Inavuta ndi r, komanso khalidwe lawo logawa zinthu zonse kukhala zazimuna ndi zazikazi. Msewu ndi wamkazi, la strada. Mlatho ndi wamwamuna, il ponte. Mtsinje nawo ndi wamwamuna, il fiume. A Raphaeli, amene sukulu anasiyira Sitandade 3, ankabwereza mawuwo potsika phiri madzulo, anthu a m'maminibasi n'kumawayang'ana ngati mutu wawazungulira.

A Raphaeli sankamukhulupirira mzunguyo. Munthu amene ankawatchula kuti boyi iwo ali kale ndi imvi akanatha kuwaphunzitsa zotukwana kuti apeze choseka. Choncho Lamlungu lina anaimitsa wansembe mlendo amene anaphunzira ku Roma, n'kumutchulira mawu onse limodzilimodzi. Wansembeyo anati palibe loipa. A Raphaeli anabwererabe ku Baobab makutu ali tcheru.

Mwana wawo Tecla anachoka zinthu zisanafike poipa chonchi, m'masitolo muli shuga ndi mafuta. Ku Italy ankasambitsa nkhalamba za eni, pamene bambo ake ankadzitungira okha madzi mpope ukauma. Kumeneko ndi kumene anabereka Emeliya, ndi mwamuna amene sanabwerepo kudzaonekera. A Raphaeli analankhula ndi mwanayo kamodzi kokha pafoni. Iwo anati, "Ndine agogo ako." Kamawu kakang'ono kanayankha zinthu zambirimbiri zothamanga, kenaka kanaseka n'kubweza foni kwa amayi ake. Zimene kananena tsiku lija sanazidziwe mpaka lero.

"Iwe madala, ukufuna mawu a madalaivala okhaokha," anadandaula Dominiko tsiku lina. "Kumanzere, kumanja, mlatho, mtsinje. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri zimenezo azitani? Phunzira kumufunsa ngati ali ndi njala. Hai fame? Nena."

"Za njala zisiyeni, bwana. Ndiuzeni mmene ndinganenere kuti usachoke pafupi ndi ine."

"Resta con me."

"Lesita kon me."

"R, madala, r! Akuseka mwanayo."

"Aseke, bola amve."

Anaphunzira kudzitchula, sono il nonno, ndine agogo. Anaphunzira kuti kwa mwana umati tu, osati Lei wa anthu akuluakulu. Anaphunzira kuti mtsikana akafika umati arrivata, koma mukafika nonse ndi arrivati. Mawu ena ankalowa m'mutu m'mawa, pofika masana atatuluka. Ankadzitukwana okha m'njira, n'kuyambanso. Dominiko akafunsa za tsiku lobwera, yankho linali limodzi: mapepala akuchedwa.

"Maofesi akwathu ndi choncho," ankatero mzunguyo monyadira, ngati kuchedwako n'chinthu chabwino.

Lachinayi lina a Raphaeli anafika atavala jekete lawo lakutchalitchi. Sanakhale pansi. Anati Tecla waimba foni, mapepala atheka, ndege itera mawa ku Victoria Falls. Anaima pakhondepo n'kunena mawu onse kuyambira poyamba, pang'onopang'ono, manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu. Pa arrivati lilime linanjenjemera. Dominiko anawomba m'manja, maso ake atanyowa.

"Bravo, Raphaeli," anatero. Kanali koyamba kuwatchula dzina. Analoza kagalimoto kake kakang'ono pansi pa mtengo, kamene anali atakatsuka m'mawa womwewo. "Petulo wavuta, koma ndinabisa pang'ono m'garaja. Mawa ndikuperekeza. Mwana akhale kutsogolo, aone njovu m'njira. Ukasowa mawu ndidzakuthandiza."

A Raphaeli anakayang'ana kagalimotoko nthawi yaitali, kenaka anavala chipewa.

"Zikomo, bwana, koma a kutchalitchi apeza lole. Bokosi silingalowe m'menemo." Anatsika sitepe imodzi n'kuima. "Kwathu maliro sitinyamula mwakachetechete. Pamlatho uliwonse, pa Matetsi, pa Deka, wamkulu wa pabanja amamuuza womwalirayo pamene tafika, kuti mzimu wake usatsalire m'njira. Ndikanamuuza m'Chichewa, mwanayu akanatsala m'tchire yekha."