Bawuti Lobwereka

"Ili latalika, likagunda pansi lisanamange. Ili lafupika, ligwira mazinga awiri basi," anadandaula mkamwini, akuvundula chitini cha mabawuti akale.

Bawuti limodzi la manifodi, chitsulo cholowetsa mpweya mu injini, linali litathyoka, ndipo galimoto inkangotsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Chonsecho apongozi ake aamuna anali akudikira kudepoti ya basi.

"Bambo a mwana, abambo ayimbanso foni!" anakuwa mkazi wake.

Mkamwini analowa m'nyumba ndi chiduswa chothyokacho, n'kumayerekeza ndi bawuti lililonse limene waliona. La pabedi linali lonenepa, la pawilibala linali dzimbiri lokhalokha. Koma la kunsi kwa mpando wa alendo, eee, ngati mapasa! Analimasula mwakachetechete, n'kukalimanga pa injini. Galimoto inalira mokoma.

"Injini iyi ndiye yakumana ndi mmisiri," anayamikira apongozi m'njira, mkamwini atakawatenga kudepoti kuja.

Atafika kunyumba, mkazi uja anakoka mpando womwewo. "Khalani apa, bambo."

Mkamwini ulemu anauika pambali, n'kuthamangira kukhalapo yekha apongozi asanapinde n'komwe mawondo. Khu! pansi, miyendo m'mwamba.

Apongozi anauzondotsa mpandowo, n'kuuyang'anitsitsa, kenaka analowetsa chala pabowo.

"Musachite manyazi, mwananga, pangosowa bawuti limodzi apa. Kamasuleni ku galimoto, kujatu alipo ambirimbiri. Ine ndidikira chiimire."