Mbuzi ya Kampeni

"Ikani mpeniwo pansi, bambo a Tamiwe," anatero Mainess kwa amuna ake. "Mukazinga nokha, Asilamu sadya."

A Ezekiel Mvula, mphunzitsi wopuma amene ankafuna ukhansala, anaima tayi ili pakhosi, mbuzi ataipana ndi miyendo. Ovota ambiri m'dera lawo ku Chipata anali Asilamu, ndipo phwando la kampeni linali masana omwewo.

"Boma lalengeza kuti lino ndi dziko la Chikhristu," anatero. "Mbuzi yangayanga ndikaipemphere chilolezo kumzikiti?"

"Bomalo silibwera kudzadya. Itanani Che Twaibu."

"Twaibu yemwe ndikupikisana nayeyu?"

"Nanga pamaliro a amayi anu anatizingira ndani?"

Che Twaibu anafika panjinga atavala mkanjo woyera. Anapereka moni mwaulemu, analozetsa mbuzi kumpoto, anatchula dzina la Mulungu n'kuzinga. Mainess anawaletsa kuchoka asanadye.

Msilamu aliyense polowa ankayamba wafunsa kuti, "Wazinga ndani?" Akamva yankho ankapita kukawagwira chanza Che Twaibu. Akhristu ataona mzerewo anaimanso pomwepo. A Mvula anakwera pampando n'kulankhula za misewu ndi zitsime mpaka mawu kusasa, anthu ali kalikiliki ndi mafupa.

Potuluka, mayi wina wa mpingo wawo anawagwadira.

"Aphunzitsi, Mulungu akudalitseni pomubwereka bwalo mnzanuyu. Munthu wodyetsa anthu chonchi, ine voti ndamupatsa kale."