Nkhukundembo Adzimanga Luzi Pakhosi

Padangokhala Tambala ndi Nkhukundembo, akukangana pabwalo kuti wofiira mutu koposa ndani.

"Achimwene, magazi ndi alendo," adatero Tambala. "Mtima umawatumiza kumutu ndi kumiyendo kudzera m'mitsempha ina, ndipo ina imawabwezera kumtima komweko."

"Kubweza ndi kwa amphawi," adayankha Nkhukundembo atadzitukumula. "Magazi akalowa m'mutu mwangamu ndi anga."

Adadzimanga luzi pakhosi kuti magazi asabwerere. Mutu udafiiradi psuu, nkhuku zonse n'kululutira. Posakhalitsa udayamba kubiriwira, mkulu uja khu pansi.

Tambala adajompha luzi lija mpaka lidaduka, ndipo adakwera pamtondo n'kulira monyadira.

Mpaka lero Nkhukundembo akadzitukumula mutu umabiriwira, koma amayendabe pabwalo ngati adapambana ndiye.